Mulungu ndi Chilengedwe: Zimene Kamawu Aka Kamabisa

Mphunzitsi wa Fomu 4 pa sukulu iliyonse ya kwa Kapichi atalemba pa bolodi mawu akuti "Mulungu ndi chilengedwe", ndi kuitana ophunzira awiri kuti awerenge mokweza, akhoza kumva zinthu ziwiri zosiyana kutalitali ngakhale zilembo zili zomwezo. Wina akweza mawu pa "ndi", ndipo chimene wanena n'chakuti pali awiri, Mulungu uko, chilengedwe uku, monga timanenera kuti mayi ndi mwana. Mnzake atsitsa mawu pa "ndi" yemweyo, ndipo wanena kuti pali chimodzi chokha, monga timanenera kuti Thyolo ndi boma. Chichewa cholembedwa sichionetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu. N'chifukwa chake mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa chimanga pa msika wa Khonjeni timazilemba mofanana. Koma khutu la mwana wobadwira m'chinenerochi silisokonezeka.

Pa kukwera ndi kutsika kumeneku pagona kusiyana konse kwa ziphunzitso ziwiri zimene mabuku a Chingerezi amazitcha theism ndi pantheism. Aphunzitsi a Bible Knowledge ndi a Religious and Moral Education, komanso amene amaphunzitsa achinyamata kumpingo, amakumana ndi funsoli kawirikawiri masiku ano, chifukwa mafoni abweretsa alaliki a mitundu yonse m'nyumba za pa esiteti. Ena mwa alalikiwa amauza mnyamata kuti iye mwini ndi mulungu, angofunika kuzindikira. Ndikukhulupirira kuti njira yabwino yothandizira ophunzira athu ndiyo kuyambira pa mawu amene ali kale pakamwa pawo, chifukwa mawuwo anasenza maganizo a mibadwo yambiri pa nkhani yomweyi.

Mawu achilendo aja onse anamera pa tsinde limodzi la Chigiriki, theos, kutanthauza mulungu. Pa tsindelo anthu anaphatikapo pan, kutanthauza zonse, ndipo panatuluka dzina la chiphunzitso chakuti zonse ndi Mulungu, Mulungu ndiye zonse. Dzinali linafala mu Chingerezi kudzera mwa John Toland wa ku Ireland mu 1705, koma ganizolo ndi lakale kuposa dzina lake. Ku India, mphunzitsi Shankara ankaphunzitsa kuti chenicheni ndi chimodzi chokha, Brahman, ndipo mzimu wa munthu suli wosiyana nacho. Mabuku a sukulu amakonda kumuika m'gulu limeneli, ngakhale otsatira ake ambiri sangavomere dzinalo. Ku Ulaya munthu amene anayala ganizoli mosamala kuposa onse ndi Baruch Spinoza, Myuda wobadwira ku Amsterdam mu 1632, amene anachotsedwa m'sunagoge mu 1656 ndipo ankapeza chakudya popala magalasi. M'buku lake lotchedwa Ethics, lomwe linatuluka atamwalira mu 1677, anati pali chinthu chimodzi chokha chodziimira pachokha, chopanda malire. Ukhoza kuchitcha Mulungu, ukhoza kuchitcha dziko lonse ndi malamulo ake, palibe kusiyana. Nyenyezi, nyerere, maganizo a munthu, zonse ndi maonekedwe chabe a chimodzicho. Mulungu wa Spinoza alibe cholinga, sasankha, sachita zozizwitsa, ndipo womukonda asayembekezere kuti naye akondedwa.

Chikhulupiriro cha Chikhristu, chimene chili mbali ya theism, chimanena zina. Mulungu ndi mmodzi, amadziwa, amafuna, amalankhula. Analenga zonse popanda chopangira, ndipo zimene analengazo sizili chidutswa cha iye. Sanazisiye, amazigwira tsiku ndi tsiku, koma zitatha zonse iye akhalapobe wathunthu.

Ziwirizi timazitcha kaonedwe ka dziko. Mawuwa ndi omasulira dzina la Chijeremani, Weltanschauung, limene Immanuel Kant analigwiritsa ntchito mu 1790, ndipo buku la James Sire la mu 1976, The Universe Next Door, ndilo linazoloweretsa masukulu ambiri achikhristu kuika kaonedwe kosiyanasiyana pambali pa kanzake ndi kukafunsa mafunso ofanana. Kumasulirako kunayenda bwino. Tsinde ndi -ona, ndipo ka- wa kumayambiriro pamodzi ndi -edwe wa kumapeto amatanthauza njira yochitira chinthu, monga kayendedwe, kadyedwe, kathyoledwe ka tiyi. Munthu sadziwa kayendedwe kake mpaka wina amuuze. Kaonedwe nakonso kali choncho: timaona nako tisanakaganizire.

Apa ndiye pali msampha woyamba wa mphunzitsi, ndipo uli m'mawu akuti chilengedwe. Tiwang'ambe. Chi- ndi mphatikiram'mbuyo wa gulu la Chi- Zi-. Tsinde ndi -leng-. Kenaka pakubwera -edw-, msintho wochitidwa, womwe uja uli mu kumenyedwa, kuphikidwa, kutumidwa. Chilengedwe ndi chinthu chimene chachitiridwa ntchito yolenga. Tsono msintho wochitidwa umafunsa wochita. Mwana akati "ndamenyedwa", mayi ake amafunsa pompo kuti "ndi yani?" Tsinde lomwelo, likakhala lopanda -edw-, limatipatsa Mlengi, ndipo limatipatsanso dzina lakale la makolo, Namalenga. Chinenero chinatenga tsinde limodzi ndi kuligawa pawiri, wolenga ndi cholengedwa, kalekale mmishonale woyamba asanaponde m'dziko muno.

Choncho wophunzira akamva kuti Spinoza ankati Mulungu ndi chilengedwe, ndi "ndi" wotsika uja, chimene chimafika m'khutu mwake n'chakuti wolenga ndi cholengedwa chake chomwe. Amaseka, ndipo mkangano watha usanayambe. Ine ndine Mkhristu, ndipo ndimaima ndi "ndi" wokwera. Koma kupambana kotereku sindikufuna. Spinoza sankakhulupirira kuti pali chimene chinalengedwa. Kwa iye zonse zinalipo chikhalire. Mphunzitsi wachilungamo ayenera kuuza ana kuti mawu athu akuti chilengedwe atenga kale mbali, ndipo pofotokoza chiphunzitso cha Spinoza anene kuti "zonse zimene zilipo". Wophunzira amene sangathe kufotokoza maganizo a mnzake mwa njira yoti mnzakeyo avomere kuti inde ndi zomwezo, sanayambe kuyerekeza. Ndipo tsiku limene adzakumane ndi munthu wokhulupirira zimenezi mwanzeru, ku yunivesite ya MUST kapena ku Johannesburg, adzagwa msanga, chifukwa anangophunzira kuseka.

Msampha wachiwiri ndi wovuta kuposa woyamba. Mwana aliyense wa Sande sukulu kapena wa sukulu ya Sabata amadziwa kuti Mulungu ali ponseponse. Salimo 139 ndi ulaliki wa Paulo ku Atene pa Machitidwe 17 zimaphunzitsa zimenezi. Ndiye mtsikana wochenjera akweza dzanja: "Aphunzitsi, ngati Mulungu ali ponseponse, ndiye kuti ali m'tsamba la tiyi. Nanga tasiyana pati ndi a pantheism?" Funsoli ndi labwino, ndipo Chichewa chili ndi zida zoliyankhira zimene Chingerezi chilibe. Chingerezi chimagwiritsa ntchito mneni mmodzi ponena chimene munthu ali ndi kumene munthu ali. Ife tili ndi awiri. Timati "bambo ndi mlonda", koma timati "bambo ali kufakitale". Palibe mwana angasokoneze n'kunena kuti bambo ndi fakitale. Mneni -li umayenda ndi pa-, ku-, mu-, ndipo umasiya awiri ali awiri: wokhalamo ndi malo okhalamo. "Ali ponseponse" ndi chiganizo cha -li. "Ndi zonse" ndi chiganizo cha ndi. Akhristu amanena choyamba ndi kukana chachiwiri. Palinso chachitatu, chimene ine ndimachiona chokoma kuposa zonse, pamene -li akumana ndi "ndi" wokwera: Mulungu ali ndi ife, ali nafe. Kukhala ndi munthu kumafuna kuti mukhale awiri.

Anthu a ku Thyolo sayenera kuganiza kuti iyi ndi nkhani ya azungu akutali. Inadutsa pakhomo pawo. Mu 1902 mpingo wa Seventh-day Adventist unagula mishoni ya Plainfield, imene Joseph Booth anayambitsa kufupi ndi Makwasa, ndipo Thomas Branch, Mmerika wakuda, anafika ndi banja lake kudzayamba ntchito. M'chaka chomwecho, ku Battle Creek m'chigawo cha Michigan, chipatala chachikulu cha mpingowo chinapsa ndi moto. Woyang'anira chipatalacho, Dokotala John Harvey Kellogg, mchimwene wa uja dzina lake lili pa makatoni a chakudya cha m'mawa m'masitolo, analemba buku loti ndalama zake zithandize kumanganso. Bukulo, The Living Temple, linatuluka mu 1903, ndipo linagawa mpingo. Kellogg anali dokotala wodabwa ndi thupi la munthu. Ankaona bala likupola lokha, chakudya chikugayika munthu ali mtulo, ndipo anati amene akuchita zimenezi ndi Mulungu mwini wake, wokhala m'kati mwa thupi lililonse, m'mtengo uliwonse, m'duwa lililonse. Ellen White ndi atsogoleri ena a mpingowo anati chiphunzitsochi chikusungunula Mulungu m'zolengedwa, ndipo chikufafaniza kusiyana kwa munthu amene Mzimu Woyera akukhala mwa iye chifukwa cha chikhulupiriro ndi munthu wina aliyense. Kellogg anakana kuti iye si wa pantheism. Anachotsedwa mumpingo mu 1907, chaka chimene mishoni ya ku Thyolo inalandira dzina loti Malamulo.

Ndimaona kuti nkhaniyi ndi phunziro labwino kuposa tanthauzo lililonse loloweza, chifukwa ikuonetsa kuti malire ndi opyapyala ndipo anthu opemphera moona mtima akhoza kuwawoloka osadziwa. Kellogg sananene kuti Mulungu ndi mtengo. Anati ali m'mtengo. Anagwiritsa ntchito -li, koma anamukankha mpaka anayamba kumveka ngati ndi. Maganizo oterewa ali ndi dzina lakelake, panentheism, limene Karl Krause wa ku Germany anapanga mu 1828 poika kamawu ka Chigiriki en, kofanana ndi mu- wathu, pakati pa pan ndi theos. Ophunzira a ku Malamulo, amene amaphunzira za thupi la munthu tsiku ndi tsiku, ali ndi ufulu wodziwa kuti kudabwa kwa Kellogg kunali koyenera, ndi kufufuza okha pamene phazi lake linaterereka.

Tsopano ndifike pa chimene chimandipweteka mtima. Aphunzitsi ena, pofuna chitsanzo chapafupi, amauza ana kuti makolo athu anali a pantheism chifukwa ankapembedza mitengo ndi mapiri. Uku ndi kunamizira akufa. Agogo othira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo wa mpoza sankalankhula ndi mtengo. Ankatchula mayina a mizimu ya makolo awo, mmodzimmodzi, ndi kuipempha kuti iwanenere kwa Wamkulu. Amang'anja opita ku Khulubvi ku Nsanje ankapempha mvula kudzera mwa Mbona. Nthano ya Kaphirintiwa, pa mapiri a Dzalanyama, imati Chauta anatsitsa mwamuna ndi mkazi pamodzi ndi nyama ndi mvula, ndipo onse ankakhala mwamtendere mpaka munthu anapeka moto ndi kutentha tchire. Nyama zinathawa, nanzikambe anakwera mumtengo, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Mulungu amene angathe kuchoka pa dziko n'kulisiya likuyaka sangakhale dziko lomwelo. Ngati nthanoyi ili ndi vuto kwa Mkhristu, vutolo lili mbali inayo: imamuika Mulungu patali kwambiri. John Mbiti wa ku Kenya, atasanthula zikhulupiriro za mitundu yambiri ya mu Africa m'buku lake la mu 1969, anafika pa mfundo yomweyi, kuti Aafirika amaona Mulungu ali pafupi ndi zolengedwa koma samunena kuti ndiye zolengedwazo.

Mayina okha akuchitira umboni. Chauta ndi cha- ndi uta, mwini wa uta uja umaoneka kumwamba mvula ikakata, umene timautchanso utawaleza, uta wa Leza. Uta ndi wake, iye si uta. Mphambe amamveka m'bingu ndi m'mphezi, ndipo ambiri amalumikiza dzinali ndi kupambana. Omasulira Buku Lopatulika la mu 1922 anasankha Mulungu ndi Yehova, ndipo omasulira Buku Loyera la mu 1998 analimba mtima kutenga Chauta kukhala dzina la Mulungu wa Israele. Sakanatero dzinalo likanakhala la mphamvu yopanda nkhope. Alhomwe, amene anadzaza midzi ya kuno kuchokera ku Mozambique kuyambira m'zaka za m'ma 1890, anabwera ndi Muluku wawo, amenenso ndi wolenga.

Aneni a kupembedza akunena zomwezo. Kupemphera ndi kupempha kophatikidwa -er-, ndipo munthu amapempha kwa wina amene angathe kupatsa kapena kumana. Kupembedza, kunja kwa tchalitchi, ndi chimene mayi amachita ndi mwana wolira, kapena mkamwini ndi apongozi okwiya: kunyengerera, kutonthoza, kudandaulira mofatsa. Sungapembedze mwala. Chipembedzo, mwa tsinde lake, ndi kulankhula ndi wina wokhala ndi mtima wotha kufewa. Spinoza akanafuna mawu ena, mwina kusinkhasinkha kapena kuzindikira, ndipo n'zoona kuti m'njira za pantheism chipulumutso chimadza ndi kuzindikira kuti sunali wosiyana ndi zonse.

Komabe ndiyenera kuvomereza kuti chinenero chathu chili ndi zitseko ziwiri zimene pantheism ingalowerepo, ndipo wophunzira wanzeru adzazipeza yekha. Choyamba ndi dzina lomwe la Mulungu. Kuchuluka kwake ndi milungu, monga mtengo ndi mitengo, mzimu ndi mizimu. Mwa kapangidwe kake dzinali ndi la gulu la Mu- Mi-, gulu la mitengo, mitsinje ndi miyezi, osati la Mu- A-, gulu la anthu. Alexander Hetherwick wa mishoni ya Blantyre analemba mu 1902 kuti pakati pa Ayao mawuwa ankatchulidwa pa mzimu wa womwalira komanso pa mizimu yonse pamodzi, ndipo iye anaona ngati sakunena za munthu wodziwika. Pali china chake pamenepa chofunika kuchiganizira. Koma tamverani mmene timalankhulira. Timati mtengo ukugwa, mtsinje ukusefuka, koma Mulungu akuona, Mulungu amadziwa, Mulungu yekhayo. Dzinalo lili ndi thupi la gulu la zinthu, koma mgwirizano wake ndi wa gulu la anthu. Tikalipatsa mgwirizano wa zinthu limasintha tanthauzo: "mulungu uno" ndi masiku asanu ndi awiri a pa kalendala.

Chitseko chachiwiri ndi tsinde -nthu. Munthu, chinthu, kanthu, umunthu, zonse zili pa tsinde limodzi. Wansembe wa ku Belgium, Placide Tempels, analemba mu 1945 ali ku Congo kuti anthu a zinenero za Bantu amaona zonse ngati mphamvu ya moyo yoyenda kuchokera kwa Mulungu kupita kwa mizimu, anthu, nyama ndi zomera. Alexis Kagame wa ku Rwanda mu 1956 anayala magulu a zonse zimene zilipo pogwiritsa ntchito tsinde lomweli m'chinenero chake. Ena atawerenga mabukuwa anati tsindelo ndilo mulungu weniweni wa Aafirika, mphamvu imodzi yobisala mwa zonse. Ine sindivomereza, ndipo chifukwa changa n'chapafupi. Palibe anamvapo Mchewa akunena "nthu" payekha. Tsindeli silituluka pakamwa lopanda mphatikiram'mbuyo, ndipo mphatikiram'mbuyoyo ndiye amasenza ulemu wonse. Kutcha munthu "chinthu" ndi chipongwe chotengera munthu kwa mfumu. Chinenero chikuvomera kuti munthu ndi chinthu ali pa ubale, ndipo apa chikugwirizana ndi Genesis amene amati munthu anaumbidwa ndi dothi. Koma sichilola kuti ubalewo ufafanize kusiyana.

Kusiyanaku kumayamba kulemera tikafika pa choipa, ndipo ana a kwa Kapichi safunika kuchifunafuna m'mabuku. Azigogo awo anadziwa thangata. Mawuwa anachokera ku kuthangata, kuthandiza mnzako kumunda kapena mfumu pa ntchito ya mudzi. Eni maesiteti anawatenga n'kuwasandutsa dzina la ntchito yokakamiza imene munthu ankagwira kuti aloledwe kukhala pa malo, nthawi ya dzinja pamene munda wake ukumufuna. Thangata linali limodzi mwa madandaulo a John Chilembwe mu 1915, linali m'gulu la zimene zinautsa chipolowe ku Thyolo mu 1953, ndipo linatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Mphunzitsi afunse kalasi: kodi thangata linali loipa, kapena linkangooneka loipa kwa amene ankaligwira? Spinoza, potsata mfundo zake mokhulupirika, anati chabwino ndi choipa ndi mayina amene anthu amapereka malinga ndi zimene zikuwathandiza kapena kuwapweteka. Kwa zonse pamodzi, chilichonse chimachitika monga chiyenera kuchitikira, ndipo palibe akanachita mosiyana. Mkwapulo ndi msana zonse ndi maonekedwe a chimodzi chija. Iye mwini anali munthu wofatsa, wokonda ufulu wa anthu, ndipo sankalimbikitsa nkhanza. Koma chiphunzitso chake chilibe malo oimapo woweruza amene ali kunja kwa mlandu. Kuchimwa, m'Chichewa chakale, ndi kuphonya kapena kulephera chimene unayenera kuchita. Kulakwa nako kumatenga -ira, kulakwira, ndipo kumafuna wolakwiridwa. Mkhristu akhoza kunena kuti thangata linalakwira Mulungu chifukwa Mulungu sanali thangata.

Chikhristu nacho chili ndi funso lake lolemera, ndipo mphunzitsi asalibise. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'Malawi, ambiri a iwo m'maboma a kummwera kuno. Akuluakulu ena anatchula Napolo, monga anatchulira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Wa pantheism alibe womufunsa chifukwa chake: phiri lagumuka monga mwa malamulo ake, ndipo mtendere uli pa kuvomereza. Mkhristu ali ndi womufunsa, ndipo chimenecho ndi chitonthozo komanso bala. Ngati Mulungu amadziwa, amafuna, ndipo ali ndi mphamvu, analoleranji? Buku la Yobu ndi masalimo ambiri ndi mawu a anthu ofunsa funso limeneli mokuwa. Wophunzira amene anataya mbale wake m'matope ayenera kuloledwa kulifunsa m'kalasi, ndipo mphunzitsi asathamangire kuliyankha.

Palinso mlandu wina umene okonda pantheism amaimba Akhristu, ndipo ku Thyolo umboni wake uli poyera. Mu 1967 wolemba mbiri wa ku America, Lynn White, analemba kuti Chikhristu, pochotsa mizimu m'mitengo ndi m'mitsinje, chinamasula manja a anthu kuti awononge dziko mopanda mantha. Tayang'anani phiri la Thyolo. Nkhalango yake yambiri inatha m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo kachigawo kotsala kali mbali ya esiteti ya Satemwa, kumene kambalame kosowa kotchedwa Thyolo alethe kakupezekabe. Amene anadula sanali anthu oipa kuposa ena. Anali anthu opanda malo, opanikizika pakati pa minda ya tiyi, ndipo ambiri a iwo anali opita kutchalitchi. Koma m'midzi yomweyo mitengo ya kumanda ili chiimire, chifukwa kumeneko nkhwangwa imaopa. Ndikuganiza kuti Lynn White ananena zoona pa makhalidwe a Akhristu ambiri. Pa chiphunzitso chenichenicho ndikuona kuti anaphonya, ndipo mawu amene amandithandiza ndi akuti mwini. Ngati nkhalango ndi Mulungu, wodula nayenso ndi Mulungu, ndi nkhwangwa yomwe, ndipo palibe wofunsa mnzake. Ngati nkhalango ndi cholengedwa, ili ndi mwini, ndipo munthu ndi wosungira chabe amene adzafunsidwa. Koma mfundo imeneyi yalalikidwa pang'ono kwambiri m'maguwa athu, ndipo ophunzira akanena kuti mantha a kumanda ateteza mitengo yambiri kuposa maulaliki, mphunzitsi avomere.

Pa imfa njira ziwirizi zimasiyana poyera. M'ziphunzitso zambiri za pantheism munthu akafa amabwerera m'chimodzi chija monga shuga asungunukira m'kapu ya tiyi: kukoma kulipo, koma palibe angatolenso kambewu kamodzi n'kukatchula dzina. Anthu ena amapeza mpumulo waukulu pa ganizo limeneli, ndipo sitiyenera kuwanyoza. Makolo athu sanaganize choncho. Mzimu unkasunga dzina lake, unkabwera kumaloto ndi nkhope yodziwika, ndipo dzinalo linkapatsidwa kwa mdzukulu. Chikhristu chinapitirira pamenepo polonjeza kuuka kwa thupi, kuti munthu yemweyo, ndi dzina lake lomwelo, adzaima pamaso pa amene anamulenga.

Mawu otsiriza ofunika kuwasamala ndi kusanduka, chifukwa wophunzira wakuthwa adzabwera nawo. Adzati, "Aphunzitsi, mwati Mlengi si cholengedwa. Nanga Yesu?" Omasulira Baibulo anagwiritsa ntchito mneni umenewu pa Yohane 1:14, ndipo m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku uli ndi katundu wake. Mfiti ikasanduka fisi, munthu uja saonekanso. Madzi akasanduka nthunzi, mumphika mulibe madzi. Wophunzira akhoza kumva ngati Mulungu analeka kukhala Mulungu, kapena ngati umulungu ndi umunthu zinasakanizika n'kukhala chinthu chachitatu, ndipo kuchokera pamenepo n'pafupi kunena kuti tonse ndife milungu yosadzizindikira, monga alaliki a pa foni aja amanenera. Mpingo wakale unalimbana ndi funso lomweli kwa zaka mazana, ndipo msonkhano wa ku Chalcedon mu 451 unagamula kuti Khristu ndi mmodzi wokhala ndi umulungu wathunthu ndi umunthu wathunthu, zosasakanizika ndiponso zosalekanitsidwa. Mphunzitsi afotokoze kuti kusanduka kwa pa Yohane ndi kutenga chimene analibe popanda kutaya chimene anali, ndipo kuti Akhristu amanena zimenezi za munthu mmodzi yekha, wobadwa m'masiku a Kaisara Augusto ndi kuphedwa pansi pa Pontiyo Pilato. Wa pantheism sangaone chodabwitsa pa Khirisimasi, pakuti kwa iye khanda lililonse ndi Mulungu kale, pamodzi ndi modyera ng'ombe momwe. Kudabwa kumene Akhristu amaimba m'mwezi wa Disembala kumafuna kuti poyamba pakhale phompho pakati pa Namalenga ndi zolengedwa zake, ndipo wophunzira amene wamvetsa msintho wochitidwa wa mu chilengedwe ali ndi poyambira kumvetsa chifukwa chake.